Apongozi Anafunditsa Kompyuta Bulangete

Pakhomo pathu nkhani yoti kompyuta izigona yoyaka kapena yozima inali mlandu wosatha. Mnzanga wina wokonza makompyuta ku Limbe anandiuza kuti kuyatsa ndi kuzimitsa pafupipafupi n'kumene kumatopetsa hadi disiki, kachipangizo kosunga mafayilo, ndipo ine mawuwo ndinangowameza osatafuna. Akazi anga, Mayi a Chisomo, iwo maso awo anali pa mita ya magetsi. Masamu awo anali achidule: chibokosi chodya mawati 100 chikayaka maola 10, yunitsi imodzi yapita, eni nyumba ali mkonono. Ukachiika pa sleep, kutanthauza kuchigoneka osachizimitsiratu, chimangonyambita mawati awiri kapena atatu, n'zoona, koma pa sleep sichidawuniloda kanthu. Ine ndinali nditagula bandulo ya usiku, yotchipa ija imene imatha kukamacha, ndipo ndinali ndi pulogalamu yaikulu yoti ilowe. Tsikulo ndinapambana mlandu.

Koma n'tsiku lomwelonso apongozi anafika kuchokera ku Ntcheu kudzaonana ndi dokotala wa maso. Nyumba yathu ya lendi ku Chilomoni ndi chipinda chimodzi ndi balaza basi, ndiye tinawayalira matiresi pabalazapo, pafupi ndi tebulo la kompyuta. Unali mwezi wa June, chiperoni chitatsika, mphepo ikulowera pansi pa chitseko. Ndinazimitsa sikirini kuti isawawalire, n'kukagona mtima uli m'malo.

Zomwe zinachitika pakati pa usiku ndinazimva m'mawa. Apongozi akuti anadzidzimuka n'kumva chinthu chikubuula pansi pa tebulo, kadiso kake kobiriwira kakuphethira. Anachigwira, chitsulo chili ziii. Mayi wolera ana asanu ndi awiri sangaone chinthu chikunjenjemera n'kuchisiya. Anatenga bulangete lawo lalikulu la ku Joni lija, lolemera kuposa mwana wa chaka, n'kuchifunditsa bwinobwino, m'mbali monse n'kupindira pansi kuti mphepo isalowe. Iwo n'kutsala ndi chitenje chokha.

Tsono chibokosicho chimapumira m'timabowo ta kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo fani yake imathamanga molingana ndi kutentha kwa m'kati. Changachi fumbi linali litachidzaza kale. Mpweya utasowa, faniyo inayamba kukwera mawu pang'onopang'ono mpaka kulira ngati chigayo cha dizilo. Pamenepo chifundo cha apongozi chinasanduka pemphero.

Ine chimene ndinamva ndi mawu oti, "M'dzina la Yesu, tuluka! Moto!" Mawu oti moto aja ndi amene anandidzutsa. Ndinalumpha, chitseko pha! n'kutulukira pabalaza ndili ndi kabudula wam'kati yekha, wakale uja wa lamba wotha, dzanja limodzi litamugwira kuti asagwe.

Amene anakwatira ku Ntcheu akudziwa kuti ngakhale kukumana ndi apongozi panjira, mkamwini amapatukira kutchire. Iwo atandiona anatembenukira kukhoma n'kudziphimba kumutu, pemphero osasiya. Ine ndinabwerera chafutambuyo n'kubisala kuseri kwa katani, mutu wokha uli kunja. Kompyuta ikulirabe, mtunda wake masitepe atatu, koma pakati pali apongozi.

"Make Chisomo, auzeni amayi achotse bulangetelo!"

"Amayi, akuti chotsani bulangete."

"Uwauze akamwini kuti ine sindichigwiranso chimenecho, chili ndi mizimu."

"Akuti chili ndi mizimu."

"Ndamva, ndili pompano!"

Tikutumizirana uthenga chomwecho m'chipinda cha mamita atatu, chibokosicho chinadzigamulira chokha. Purosesa, ubongo wa kompyuta, ikatentha kuyandikira madigiri 100 imadzizimitsa kuti isapse, ndipo yanga inatero, tsee! Apongozi anati "Ameni" mokweza. A landilodi anali atafika kale pawindo ndi chidebe cha madzi ndi tochi, ndipo tochiyo inayamba ndi ine, katani itandizungulira m'chiuno.

Kutacha ndinayatsa kompyuta. Siinapse, koma pulogalamu ija inathera panjira, bandulo n'kupsa. Mayi a Chisomo anakaima pa mita n'kuwerenga mayunitsi otsala mokweza, mobwereza, kuti ndi oyandikana nawo omwe amve.

Tiyi ndinamwera kuchipinda. Kudzera pa katani ndinamva apongozi akuuza mwana wawo, mawu ali phee: "Uwauze akamwini kuti chinthu chija achigulire bulangete lakelake. Langa ndikupita nalo Lachisanu."