S wamkulu anandidyera masiku atatu

Kwathu ku Kapata amandidziwa kuti "uja wa makompyuta", choncho nkhaniyi ndikuulula nkhope ili pansi.

Ndinkalemba bootloader yangayanga, kapulogalamu kaja koyamba kuwerengedwa pa disiki mukayatsa kompyuta. BIOS, pulogalamu yobwera nayo kompyuta, imanyamula mabayiti 512 oyambirira a disiki, kuwatula mu memory pa adiresi 0x7C00, zotsalazo muziona nokha. Gawo limeneli ndinalilemba m'chilankhulo cha makompyuta cha assembly, lotsatira m'chilankhulo cha C. Adiresi ya gawo lachiwiri ndinailemba mbali zonse ziwiri, ndiye tsiku lina ndinasintha kumodzi n'kuiwala kwinako. QEMU, pulogalamu yoyerekeza kompyuta imene ndinkayeserapo, inangoti bii.

Ndinati basi, manambala onse akhale mu fayilo imodzi, config.h, awiriwa azidyera mbale imodzi. Ndinalemba #include, lamulo loitana config.h, pamwamba pa fayilo yanga ya assembly, boot.s, ndikudzitama mumtima. Linker, pulogalamu yolumikiza magawowa, inayankha kuti "undefined reference", ndiye kuti mayina a manambala aja sikuwadziwa.

Usiku woyamba ndinakalipira linker. Wachiwiri magetsi anazima, ndinakalipira mdima, ngakhale laputopu inali ndi moto wake. Amayi atandimva ndikulankhula ndekha anandifunsa ngati ndingakonde kuti abusa abwere.

Tsiku lachitatu kunabwera mwana wa mlongo wanga, wa giredi 2, amene sabata imeneyo ankaphunzira zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Anasuzumira m'kope langa, kenako pa sikirini.

"Amalume, umu mwalemba S wamkulu, apa s wamng'ono. Aticha akanakuchongerani cholakwa."

Ndinati achoke, izi n'za akuluakulu. Atangotuluka ndinasintha dzina la fayilo mwakachetechete, boot.s kukhala boot.S.

Zoona zake n'zakuti gcc, pulogalamu yomasulira zimene mwalemba kuti makina amve, imadutsitsa fayilo ya .S mu preprocessor, imene imamva #include, pomwe ya .s imangopita kwa assembler, womasulira assembly, momwe ilili. Ndipo pa mapurosesa a x86 assembler ikaona mzere umene wayamba ndi # imauyesa ndemanga chabe. Masiku atatu onsewo #include yanga inkamveka ngati miseche ya kumsika, palibe anaisamala.

Koma config.h itawerengedwa tsopano, ma error anagwa ngati ngumbi. Munali typedef ndi struct za C, chilankhulo chimene assembler samva ngakhale pang'ono. Ndinazitsekera mkati mwa #ifndef __ASSEMBLER__, kuti assembler isazione, panja n'kusiya ma #define a manambala okhaokha. Uthenga wanga unaoneka pa sikirini, ndinakuwa mpaka nkhuku kubalalika.

Kamtsikanako kanali pazenera nthawi yonseyi. Kanandilipiritsa zitumbuwa zitatu, ndipo pofika madzulo mzere wonse wa nyumba unali utadziwa kuti amalume sadziwa S.