Kutsatira timu koyenda mu ligi yaing'ono

Ndandanda wa masewero ukangotuluka, ine ndimayamba ndawerenga akoyenda. Mu ligi ya matimu 16 mumayenda maulendo 15, ndipo mu ligi yaing'ono palibe amene amakonzera masapota ulendo. Zonse zimakhala pamutu pathu.

Choyamba ndi kutsimikiza tsiku, nthawi ndi bwalo. Musadalire pepala lomwe linatuluka ligi isanayambe. Chaka china tinafika pabwalo lomwe linalembedwa n'kupeza pageti potseka, zigoli zilibe maukonde, pakati pa bwalo madzi ali tho. Masewero anali atasamutsidwa dzulo lake. Pomwe timafika kubwalo linalo n'kuti anyamata akupumulira, atamwa kale chimodzi. Kuyambira pamenepo ndimaimbira mlembi wa timu kawiri: kutatsala masiku awiri, komanso m'mawa wa tsikulo tisanakwere.

Za ndalama sizifuna manyazi. Timasonkha sabata isanathe, msungichuma amalemba maina m'kope, ndipo amene dzina lake mulibe mpando alibe, olo akhale woimba ng'oma. Ndi dalaivala timagwirizaniratu kuti adikira mpaka mpira uthe. Pa nthawi ya ulendo ndimaonjezerapo maola awiri, ndipo amene amadandaula kuti tikulawira kwambiri ndimawakumbutsa tsiku lomaliza la ligi chaka chomwe tinatsala pang'ono kutuluka.

Tsiku limenelo tinali pamwamba penipeni pa mzere wa otuluka, mapointi ofanana ndi timu yapansi pathu, ife tikungoiposa pa kusiyana kwa zigoli. Tili pakati pa ulendo tinaona galimoto itaima m'mbali mwa msewu, boneti ili yasa, anyamata atakhala pa zikwama zawo. Anali osewera athu 9, goloboyi ali pomwepo. Galimoto yoyamba inali itafika kale kubwalo ndi osewera 6 okha. Lamulo la mpira likuti masewero sangayambe ngati timu ili ndi osewera osakwana 7, ndipo m'mipikisano yambiri timu yolephera kusewera amailemba kuti yagonja 3-0. Kwa ife zimenezo zikanatanthauza kutuluka mu ligi osamenya mpira n'kamodzi komwe.

Basi inali yodzaza. Bambo wina wachikulire, amene anayamba kuchemerera timuyi ine ndisanabadwe, anangonyamula mbendera yake n'kutsika.

"Bambo, khalani, titsika ndife anyamata," ndinawauza.

"Iwe mwana wanga, mawu ako ndi aakulu, akakufuna kubwalo. Ine ndadziwa kale mmene mpira umakomera."

Anatsika anthu 9 kuti adikire makaniko. Osewera anavalira mayunifomu m'basi momwemo, wina akumanga nsapato phazi lili pa bondo langa, goloboyi akukulunga zala ndi tepi, osayankhula ndi munthu. Tinalowa pageti woimbira akuyang'ana wotchi.

Mukafika pabwalo la eni, funsani oyang'anira kuti alendo amaima mbali iti, ndipo muime pamodzi. Mabwalo ambiri a ligi yaing'ono alibe mpanda wolekanitsa masapota, nthawi zina pamangokhala chingwe. Wothandiza woimbira, wonyamula mbendera m'mbali mwa bwalo, amadutsa pafupi moti mumamva kupuma kwake. VAR, njira yothandiza woimbira poonanso zomwe zachitika pa kanema, inalowa m'malamulo a mpira mu 2018, koma kuno simuiona: chomwe woimbira wagamula ndi chomwecho. N'chifukwa chake sindilola aliyense wa m'basi yathu kutukwana. Timaimba, timakuwa, koma eni bwalo ndi ochuluka ndipo njira yotulukira ndi imodzi.

Tsiku lomaliza masewero onse okhudza otuluka amayamba nthawi imodzi, choncho maso amakhala pa mpira, khutu pa foni. Tinali titatuma mnzathu kubwalo lomwe imasewera timu yapansi pathu. Chigawo chachiwiri chili mkati anaimba kuti iwo agoletsa. Ife tinali pa 0-0, ndipo kulepherana kumapatsa pointi imodzi, pomwe iwo amatenga atatu. Tinayamba kukuwira anyamata kuti akwere onse. Kutatsala mphindi zochepa tinapeza kona, mpira unagunda mitu ingapo, ndipo wotchinga kumbuyo, yemwe uja amamangira nsapato pa bondo langa, anaukankhira mu ukonde ndi ntchafu. Ndinagwada pansi, mawu atatheratu.

Mpira ukatha musachedwe pabwalo la eni, makamaka mukapambana. Ombani m'manja kwa anyamata, pindani mbendera, lowani m'basi. Msungichuma amaitana maina m'kope mmodzimmodzi, ndipo galimoto sinyamuka dzina lililonse lisanayankhidwe. Tsikulo maina 9 sanayankhidwe. Tinawapeza pamalo pomwe paja kutada, makaniko akadali pansi pa galimoto ndi tochi. Bambo aja anali ataima pakati pa msewu, mbendera ili m'mwamba, akufunsa kuti wagoletsa ndani.