Kachipewa kachikasu ka m'khola la amalume

Amalume anga amaweta nkhuku za nyama, ndipo dzuwa la mu Okutobala linawaphera anapiye ambiri. Ine n'kuti nditangogula kabolodi ka STM32F103, kakompyuta kakang'ono kaja amakatcha Blue Pill, ndiye ndinadziguguda pachifuwa kuti ndiwapangira kachipangizo koyeza kutentha m'khola, kodziyatsira fani kokha.

"Mphwanga, sabata imodzi ikukwanira?"

"Aaa, masiku awiri basi, amalume."

Pakamwa pangapa.

Kabolodika n'kochepa ngati chala chachikulu. Ubongo wake ndi ARM Cortex-M3, flash 64 KB, RAM 20 KB yokha, ndipo mulibe Windows, mulibe Linux. Ukalemba `printf`, lamulo lotulutsa mawu m'chinenero cha pulogalamu cha C, payenera kukhala laibulale ya C (mtolo wa malamulo olembedwa kale) yoigwirira ntchitoyo, ndipo ya pa laputopu siingalowemo chifukwa imadalira Linux pa chilichonse. Pa tizipangizo totere anthu amagwiritsa laibulale yotchedwa newlib. Kompaila ya arm-none-eabi-gcc, yomwe imamasulira zolemba zako kuti chipu chizimve, imabwera nayo kale, yophikaphika, yongopakula. Koma ine ndinkadziwona ngati katakwe. Ndinati ndiphika yanga.

Kukompaila pa laputopu zinthu zokayenda pa chipangizo cha mtundu wina kuli ngati telala wosoka suti ya mkwati amene sanamuwonepo, miyeso akungouzidwa pafoni. Ukaphonya nambala imodzi, thalauza limathera m'mawondo.

Usiku woyamba ndinaiwala kulemba `--target=arm-none-eabi`, mawu ouza laputopu chipangizo chimene ikuphikira. Ntchito inatha m'kanthawi kochepa, ine n'kumatamanda laputopu yanga kuti ndi kamberembere. Kufufuza `libc.a`, fayilo ya laibulaleyo, kulibe. Ndinali nditasonkhezera moto pansi pa mphika wopanda ufa.

Usiku wachiwiri ndinakonza, koma powona kuti ikuchedwa, ikuphikira mitundu yambirimbiri ya ARM, ndinaika `--disable-multilib` kuti iphike umodzi wokha. Magetsi anazima ili pakati, batire la laputopu n'kutsatira. M'mawa ndinayambiranso, zinatheka. Kenako linker, yolumikiza zidutswa za pulogalamu, inayamba kuitana mayina ngati aphunzitsi m'kalasi: `_sbrk` palibe, `_write` palibe, `_read` palibe, `_close` palibe. Newlib sidziwa komwe mawu akupita kapena komwe memory ikuchokera, zimenezo umailembera wekha. Ndinalemba, `_write` n'kuilozetsa ku UART, njira ya mawaya yolankhulira ndi laputopu.

Ndinatumiza pulogalamu pa kabolodi kudzera pa ST-Link, kachipangizo kokalumikiza ku laputopu. Inayenda mizere itatu, n'kugwa chagada mu HardFault, momwe chipu chimaimira chikakumana ndi vuto lalikulu. Tsiku lathunthu ndinkanamizira wogulitsa kuti anandipatsa chipu chachinyengo. Chonsecho wolakwa ndinali ndemwe: Cortex-M3 imamva malangizo a mtundu wa Thumb okha, pomwe mtundu umodzi ndinaphika uja unali wa ARM wakale. Suti ndinasokera mkwati wina. Ndinaphikanso ndi `-mcpu=cortex-m3 -mthumb`, ndipo pa sikirini panatuluka manambala a kutentha. Ndinavina ndekhandekha pakati pa usiku, agalu a aneba n'kuyamba kuuwa.

Loweruka, patatha masabata atatu, ndinafika kwa amalume nditavala shati yoyera. Iwo anali ataitana anzawo awiri oweta nkhuku kuti adzawone nzeru za mphwawo. Ndinamangirira kabolodi pa mtanda wa khola, ndinalumikiza batire.

Zii.

Ngakhale kanyali ka pa PC13, komwe ndinakauza kuti kaziphethira, sikanaphethire. Ndinatulutsa laputopu, kulumikiza ST-Link, kuyendetsa pulogalamu kudzera mu gdb, chida chofufuzira zolakwika: fani n'kuzungulira. Kuchotsa laputopu, kuyatsanso: zii. Kanayi konse.

"Ndiye kuti laputopuyo tiziisiya m'kholamu?" anafunsa amalume, nkhope ili gwa.

Mnzawo wina anati mwina kachipangizoka kakuchita manyazi ndi alendo. Ine thukuta kamukamu, nditagwada pa zitosi, ndinayamba kufotokoza za linker script ndi vector table. Nkhuku zokha n'zimene zinkandimvetsera, mitu itapendekeka. Mumtima n'kuti nditaweruza kale kuti newlib yanga ndiyo yalakwa, ndikaphikenso kachisanu.

Pamenepo mwana wa amalume wamkazi, wa Sitandade 5, amene ankasuzumira pamapewa panga akudya chimanga chootcha, analoza ndi chitsononkho.

"Achimwene, tizipewa tachikasuti bwanji kena kali uku, kena uko?"

Pa Blue Pill pali tizipewa tiwiri, BOOT0 ndi BOOT1, timene umatisuntha kuti tikhale pa 0 kapena pa 1. BOOT0 ikakhala pa 1, chipu chikayaka sichiyang'ana n'komwe pulogalamu yako, chimathamangira ku bootloader, kapulogalamu ka kufakitale kolandira pulogalamu yatsopano, n'kumadikira. Kachipewa ka BOOT0 ndinakasuntha ndekha tsiku loyamba, poyesa kutumiza pulogalamu kudzera pa UART, n'kuiwala. Masiku onsewa gdb ndiyo inkachigwira dzanja chipucho n'kuchilondolera pa pulogalamu yanga, ndipo sindinayesepo n'kamodzi komwe kukayatsa kabolodi pakokha.

Ndinakazula ndi zikhadabo, kukabwezera pa 0. Kanyali phethi phethi, fani fuuu, nthenga zili mbwee m'mwamba, zina n'kumata pa shati yoyera ija.

Amalume anawomba m'manja, analowa m'khola, n'kugwira tambala wonenepa amene anandilonjeza. Anandidutsa ndili chitambasulire manja, n'kumupereka kwa mwana wawo.

"Landirani, a injiniya. Mphwanga, iwe umuthandize kusosola."