Ulendo wa ku Gee's Bend, mudzi wa amayi osoka zigamba

Alendo ambiri opita ku Alabama, m'dziko la America, kukaona kumene anthu akuda anamenyera ufulu wawo amathera pa Selma. Amawoloka wapansi mlatho wa Edmund Pettus, pomwe apolisi anakutumula anthu ndi zibonga pa 7 Malichi 1965, amajambulitsa, basi n'kubwerera ku Montgomery dzuwa lisanalowe. Ifenso tinawoloka mlathowo, ine ndi alamu anga amene amakhala ku Atlanta. Koma ine mtima unali kutsogolo, kukamudzi kena kakummwera kotchedwa Gee's Bend, komwe amayi amasoka zofunda za zigamba. Alamu sizinkawalowa m'mutu. "Mlamu, mafuta onsewa tiwotche chifukwa cha mabulangeti?" Ndinawauza kuti angogwira chiwongolero, akadzionera okha.

Kuchoka ku Selma tinalowera ku Camden, likulu la dera la Wilcox, kudutsa m'nkhalango za paini ndi timatchalitchi tamatabwa. Gee's Bend ali kutsidya kwa mtsinje wa Alabama. Mtsinjewo umakhota n'kuuzinga mudziwo mbali zitatu, moti njira zofikira kumeneko ndi ziwiri zokha: bwato lowolotsa magalimoto, lomwe limangotenga mphindi zowerengeka, kapena msewu wozungulira womwe umadya pafupifupi ola lathunthu. Pamapu mudziwo analemba kuti Boykin, dzina lomwe eni ake saligwiritsa ntchito kwenikweni.

Tinakwera bwato. Kuyambira 2019 limayendera magetsi, ndiye silichita phokoso, umangoona gombe likuyandikira. Bwatoli lili ndi mbiri yake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anthu a ku Gee's Bend ankawoloka kupita ku Camden kukayesa kulembetsa m'kaundula wa voti. Anthu akuda ndiwo anali ochuluka m'dera la Wilcox, koma mpaka kumayambiriro kwa 1965 panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali m'kaundulamo. Mu 1962 akuluakulu a derali anangolichotsa bwatolo. Mkulu wa apolisi wa nthawiyo akuti ananena kuti sanalichotse chifukwa choti anthuwo ndi akuda, koma chifukwa anali ataiwala kuti ndi akuda. Mudzi womwe magalimoto anali owerengeka unangotsala ndi msewu wozungulira uja, kaya munthu akufuna dokotala, kaya sitolo, kaya khoti. Bwato linabwerera mu 2006, patapita zaka 44. Alamu atamva zimenezi anasiya kudandaula za mafuta.

Tili kutsidya, m'mbali mwa msewu tinayamba kuona zikwangwani zikuluzikulu zamatabwa zopentedwa mitundu ya zofunda za m'mudzimo. Zina mwa izo ndi zomwe zinatuluka pa masitampa a positi ya America mu 2006. Chinanso chimene mlendo sangachiphonye ndi dzina loti Pettway: lili pamabokosi a makalata, pamiyala ya kumanda, paliponse. Si onse ali pachibale. Joseph Gee anatsegula munda wa thonje pamalowa mu 1816 ndi akapolo ake. Mu 1845 mundawo unapita m'manja mwa Mark Pettway, yemwe anabweretsa akapolo oposa 100 kuchokera ku North Carolina, ambiri a iwo atayenda pansi ulendo wonsewo. Ukapolo utatha, anthuwo anatsala pomwepo ngati alimi obwereka minda, dzina la mwini munda lili pamutu pawo.

Mu 1932 wamalonda wa ku Camden amene ankawakongoza mbewu ndi katundu atamwalira, otolera ngongole zake anabwera n'kusesa chilichonse: nkhuku, nkhumba, makasu, chimanga. Chaka chimenecho anthu anapulumukira chakudya cha Red Cross. Kenaka boma la Pulezidenti Roosevelt linagula malowo, kumanga nyumba, n'kudzawagulitsa kwa mabanja omwewo. Mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene imamvekera. Pofika zaka za voti, anthu ambiri a ku Gee's Bend anali pamalo awoawo. Mzungu sakanawathamangitsa monga ankachitira ndi obwereka minda m'midzi yoyandikana nayo, ndiye ankapita ku zionetsero opanda mantha oti akabwerako apeza katundu ali pabwalo.

Tinapeza amayi angapo atazungulira chimango chomwe anatambasulapo chofunda, aliyense akusoka mbali yake. Anatilandira bwino, ndipo atamva kuti ndachokera ku Malawi, mayi wina wachikulire anandikokera mpando pafupi naye. Chofunda chimakhala ndi magawo atatu. Pamwamba ndi zigamba zolumikizalumikiza, ndipo ntchito imeneyi mayi amaigwira yekha kunyumba kwake, mmene mutu wake wamuuzira. Pakati pamakhala thonje, pansi nsalu yosalala. Kuphatikiza atatuwa ndi kumene kumafuna manja ambiri, ndipo m'pamene amayi amakumana, kucheza ndi kuimba nyimbo za kutchalitchi. Mayi uja ankalowetsa singano kangapo asanakoke ulusi, dzanja lina lili kunsi kwa nsalu kudikira nsonga. Maso ake anali pa ine nthawi yonseyi, akundifunsa ngati kwathu kumazizira.

Pambali panali chofunda chakale chosokedwa ndi miyendo ya mathalauza a jinzi ogwirira ntchito kumunda. Ndinachiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Pamene panali mawondo nsalu inayera n'kupyapyala. Pamene anasula thumba panatsala kachigawo kabuluu wakuda bii, komwe dzuwa silinafikepo. Mizere yake si yowongoka. Umatsatira mzere wabuluu, mwadzidzidzi wakumana ndi kachidutswa kofiira komwe sikakugwirizana ndi chilichonse, koma ukakaphimba ndi dzanja chofunda chonse chimazirala. Zidutswa zake n'zonga zija atelala a pakhonde kwathu amasesa madzulo akamaweruka. Kasokedwe kofala kuno amakatcha Housetop, mabokosi olowana kuchokera pakati kumka kunja, koma aliyense amakapotoza mwa njira yake, ndipo kupotozako ndiko amanyadira.

Pazofunda zomwe ndinaona panalibe mawu a ndale, nkhonya yokwezedwa kapena nkhope ya mtsogoleri. Anazisoka chifukwa cha chisanu, m'nyumba zamatabwa zomwe mphepo inkalowa m'ming'alu, ana akugona atatu kapena anayi pabedi limodzi. Nkhani ya ufulu ili m'nsalu momwemo, mwa amene anaivala ndi ntchito imene ankagwira ataivala. Mu 1942 Missouri Pettway, mwamuna wake atamwalira, anatenga zovala zake za kumunda n'kusoka chofunda choti azimukumbukira nacho. Munthu amene boma silinkamuwerenga ngati wovota, mkazi wake anamusunga mwa njira imeneyo. Ine ndimaona kuti chimenechi chimalankhula kuposa nsalu zambiri zachionetsero zomwe zimalembedwa mawu akuluakulu.

Koma pali pomwe singano inalowa m'nkhondo ya voti mwachindunji. Martin Luther King Jr. anafika ku Gee's Bend mu Febuluwale 1965 n'kulalikira mu tchalitchi cha Pleasant Grove Baptist, ndipo anthu ambiri anamutsatira ku Camden ndi ku Selma. Lamulo la ufulu wovota linasainidwa mu Ogasiti chaka chomwecho, koma kubwezera kunapitirira: ena anachotsedwa ntchito, ena anathamangitsidwa m'minda, ena banki inawakaniza ngongole. Mu Disembala, wansembe wa mpingo wa Episcopal, Francis X. Walter, yemwe ankayenda m'derali kulemba za nkhanza zimenezi, anaona zofunda zitayanikidwa pachingwe. Anayamba kuzigula pa madola 10 chimodzi, kuzitumiza ku New York kukagulitsa pamtengo wopikisana, ndalama n'kubwerera kwa osoka. Mu Malichi 1966 amayiwo anakhazikitsa kopaletivi yawo, Freedom Quilting Bee, yomwe Estelle Witherspoon anaitsogolera zaka zambiri. Mu 1969 anamanga nyumba yosokeramo kufupi ndi Alberta n'kuitcha dzina la King. Kwa amayi ambiri aka kanali koyamba kulandira malipiro osachokera m'munda wa thonje, ndalama zomwe mwini munda sakanaziletsa.

Malonda anabwera ndi zofuna zake. Masitolo akuluakulu monga Bloomingdale's ankafuna zofunda zofanana, za muyeso umodzi ndi misoko yowongoka, ndipo amayi ena ozolowera kusoka mwaufulu sanakhalitse. Mu 1972 kopaletiviyo inapeza kontirakiti ya Sears, kampani ya masitolo akuluakulu, yosoka zikuto za mapilo za nsalu ya corduroy. Ntchito yotopetsa, yobwerezabwereza. Koma zotsala zake amayi ankapita nazo kunyumba, ndipo zofunda zambiri zotchuka za zaka zimenezo, zamitundu yagolide, yobiriwira ndi yofiira, zinachokera m'zinyenyeswa za Sears.

King ataphedwa mu Epulo 1968, nyulu ziwiri zomwe zinakoka ngolo ya bokosi lake m'misewu ya Atlanta zinachokera ku Gee's Bend. Alamu, omwe akhala ku Atlanta zaka zambiri ndipo chithunzi cha ngoloyo amachidziwa bwino, anaimirira n'kukaimbira foni akazi awo kuwauza.

Kutchuka kwenikweni kunabwera mochedwa. William Arnett, wosonkhanitsa zaluso wa ku Atlanta, anaona chithunzi cha chofunda cha Annie Mae Young n'kupita kukamufunafuna chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2002 zofunda za ku Gee's Bend zinaonetsedwa ku Museum of Fine Arts ku Houston, kenaka ku Whitney Museum ku New York, ndipo akatswiri anaziyerekeza ndi ntchito za ojambula otchuka a ku Ulaya. Mu 2015 Mary Lee Bendolph, Lucy Mingo ndi Loretta Pettway analandira National Heritage Fellowship, ulemu womwe boma la America limapereka kwa akatswiri a luso la makolo. Zonsezi n'zabwino, koma ukayang'ana pawindo la galimoto umadzifunsa kuti ndalama zinalowera kuti. Wilcox ndi limodzi mwa madera osaukitsitsa ku Alabama mpaka lero. Mu 2007 osoka ena anakasuma kukhoti podandaula za malipiro ndi kagwiritsidwe ntchito ka zojambula za zofunda zawo, ndipo milanduyo inatha chaka chotsatira. Kuyambira 2021 ena mwa amayiwa ali ndi masitolo awoawo pa Etsy, msika wa pa intaneti, komwe mtengo amaika okha ndipo wogula amalipira kwa wosoka.

Mitengo yake si yamasewera. Chofunda chachikulu chimafika madola masauzande, ndiye ife tinaloza tinsalu ting'onoting'ono togwirira mapoto otentha. Alamu, mwachizolowezi cha kumsika, anayamba kunenerera. Ndinawaponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale. Mayi wogulitsayo anaseka, anatembenuza kansaluko n'kuwaonetsa dzina lake lomwe analemba kumbuyo, kenaka anabwereza mtengo womwe uja osachotsapo ngakhale senti. Alamu anagula tiwiri.