Kulipiriratu maliro muli ku Joni: zofunsa musanasaine

Uthenga wa zovuta ukangofika pa gulu la WhatsApp la anthu akwathu amene ali ku Joni, chotsatira chake chimadziwika: mndandanda wa mayina, uyu waponya R100, uyu R200, pamene thupi lili ku mochale komwe tsiku lililonse likuwerengedwa ndalama. Sabata imatha, yachiwiri n'kulowa. Kumudzi anthu atopa kugona pa siwa, ufa watha, nkhuni zatha, mtembo sunanyamukebe. Ambiri safuna kukamba za maliro awo ali moyo, ati n'kudziitanira imfa. Koma amene anaonapo mayi wamasiye akupempha ndalama ya bokosi pa foni, ali m'dziko la eni, amadziwa kuti manyazi enieni ali pamenepo.

Kulipiriratu kokha sikokwanira. Alipo ambiri amene analipira zaka zisanu mosadumphitsa, koma tsiku la tsoka abale awo anabwezedwa chimanjamanja chifukwa cha mawu amodzi a pa pepala amene sanawafunse.

Mawu oyamba ndi akuti "repatriation", kutanthauza kubweza thupi kwawo. Wogulitsa inshulansi akakuuzani kuti mawuwa alipo, inu mumamva kuti thupi adzakalitula ku Mangochi kapena ku Mzimba. M'mapepala ambiri a ku South Africa tanthauzo lake ndi lakuti adzanyamula thupi kuchokera kumene munthu wafera kukafika kumene akaikidwe, koma mkati mwa dziko lomwelo basi. Galimoto yawo sidutsa malire a Beitbridge. Funsani mosapsatira kuti: "Kodi mudzakafika pakhomo ku Malawi, kapena mudzathera pa malire?" Yankho lake likhale lolembedwa, ndipo dzina la Malawi lioneke. Ulendo wapamsewu ndi wa makilomita oposa 1,500, wodutsa Zimbabwe, kutulukira pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenaka kulowa kwathu pa Mwanza kapena pa Dedza. Funsaninso ngati m'galimotomo muli malo a operekeza maliro, ndi anthu angati. Pa ndege, kuchokera ku OR Tambo kukatera ku Chileka kapena ku Lilongwe, ulendo umafupika koma bokosi limalipiridwa ngati katundu potengera kulemera kwake, ndipo kuchoka pa bwalo la ndege kupita kumudzi ndi ndalama inanso.

Chachiwiri, dziwani amene waima kumbuyo kwa pepalalo. Makampani ambiri ang'onoang'ono oona za maliro amatolera ndalama mwezi ndi mwezi n'kumalemba m'kabuku, popanda kampani ya inshulansi yovomerezeka imene ikuwagwira msana. Maliro akachuluka mwezi umodzi, thumba limauma, ndipo kulibe kokadandaula. Funsani dzina la kampani ya inshulansiyo ndi nambala ya FSP (ya chilolezo chogulitsira inshulansi) ya amene akukugulitsani, mukaifufuze pa tsamba la pa intaneti la FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma ku South Africa. Akayamba kuzungulira, nyamukani.

Ubwino wa inshulansi yovomerezeka ndi wakuti malamulo a dzikolo amakutetezani. Nthawi yodikira musanayambe kupindula siyenera kupitirira miyezi 6 ngati munthu wamwalira ndi matenda. Pa imfa ya ngozi palibe kudikira. Pa imfa yodzipha malire ndi miyezi 12. Mapepala onse akakwanira, kampani iyenera kuyankha pasanathe masiku awiri ogwira ntchito. Palinso malire a ndalama, amene mu 2018 anaikidwa motere: R100,000 pa munthu wamkulu, R50,000 pa mwana wa zaka 6 mpaka 13, ndi R20,000 pa mwana wosakwana zaka 6. Akakukanizani popanda chifukwa chomveka, dandaulo limapita ku National Financial Ombud Scheme, ndipo kudandaulako n'kwaulere.

Pamene ambiri amagwera ndi pa kudumphitsa. Ganyu ikasowa miyezi iwiri, ku banki ndalama yalephera kudulidwa, mwini wake osadziwa chifukwa anasintha nambala ya foni ndipo mauthenga akupita ku simu yakale. Lamulo limapereka masiku 15 achisomo, makampani ena amaonjezerapo, koma pambuyo pake inshulansi imafa. Ndalama zonse zimene munapereka kale sizibwerera, pakuti inshulansi si banki m'khonde yoti pakutha pa chaka mugawane. Choncho sankhani mlingo umene mungaukwanitse m'mwezi woipitsitsa, osati m'mwezi wa bonasi. Tsiku lodula ndalama likhale lotsatana ndi tsiku la malipiro. Ndipo ngati mukusamukira ku kampani ina, musasiye yakale musanalandire pepala latsopano lonena kuti miyezi imene munadikira kale aiwerengera.

Nkhani ya mayina ndi imene imandiwawa kwambiri, chifukwa ndi imene imasunga mitembo ku mochale ngakhale ndalama zilipo. Munthu pa pasipoti ndi Yusufu, ku ntchito amamudziwa kuti Joseph, pa inshulansi analembetsa dzina la bambo ake aang'ono, tsiku lobadwa linalembedwa mongoganizira. Wina akukhalira chiphaso cha munthu wina. Imfa ikachitika, dokotala amadzaza fomu yodziwitsa za imfa ya DHA-1663, a nthambi ya boma ya Home Affairs n'kutulutsa chikalata cha imfa, chimene kwa mlendo nthawi zambiri chimakhala cholembedwa pamanja. Kuti thupi lituluke m'dzikomo pafunika chikalata chimenechi, pasipoti ya malemu, chikalata chotsimikiza kuti thupi lakonzedwa ndi mankhwala, china chonena ngati imfayo inali ya matenda opatsirana kapena ayi, kalata yochokera ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg, ndi chilolezo cha unduna wa zaumoyo wa South Africa. Mapepala onsewa amadalirana. Dzina likasiyana pa limodzi, onse aima, ndipo abale amayamba kuthamangira ku polisi kukalumbira kuti Yusufu ndi Joseph ndi munthu mmodzi. Lembetsani inshulansi ndi dzina la pa pasipoti, chilembo ndi chilembo, ngakhale pasipotiyo inalakwitsa kalembedwe. Ngati masiku anu okhalira m'dzikomo anatha, nenani poyera pogula ndipo funsani ngati adzalipirabe. Kubisa lero ndi kumene kudzawapatse chifukwa chokanira mawa.

Imfa ya ngozi, yachiwembu kapena yosadziwika bwino imadutsa ku polisi ndi ku mochale wa boma kuti thupi lipimidwe. Apa palibe inshulansi imene ingafulumizitse zinthu, ndipo a kumudzi ayenera kuuzidwa zoona kuti asayambe kuphika msanga.

Kunena za magulu athu osonkherana a anthu ochokera boma limodzi kapena mpingo umodzi, ndi abwino ndipo apulumutsa mabanja ambiri. Amagwa ndalama zikamasungidwa mu akaunti ya munthu mmodzi, kapena pakakhala palibe lamulo lolembedwa lonena kuti wolowa lero ayamba kuthandizidwa liti, komanso kuti "m'bale" ndi ndani. Mlamu wa msuweni akamwalira, gulu limagawikana. Akaunti ikhale ya gulu yokhala ndi osainira atatu, mayina a opindula alembedwe polowa, ndipo kaundula awerengedwe pamaso pa onse.

Musaiwale kuti thupi likafika maliro ndiye ayamba kumene. Adzukulu adye, anthu ogona pa siwa adye, pafunika matumba a chimanga, ndiwo, shuga, nkhuni, mwina tenti, mwinanso galimoto ina ngati msewu wa kumudzi wadulidwa ndi mvula. Chipepeso chimathandiza koma chimabwera mochedwa ndipo sichidziwika kukula kwake. N'chifukwa chake inshulansi yopereka bokosi ndi galimoto yokha siikwana. Pafunika gawo la ndalama m'manja, lolembedwa m'dzina la munthu amene adzakhaledi pamalopo ndipo ali ndi akaunti yogwira ntchito. Kwa makolo amene ali ku Malawi, makampani ambiri a ku South Africa salola kulembetsa munthu wokhala kunja, choncho ndi bwino kuwagulira kwathu komweko ku kampani yovomerezedwa ndi Reserve Bank ya Malawi. Pamenepo chenjerani ndi kugwa kwa kwacha: inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama imene inkagula bokosi labwino musanafike zaka zimenezo lero siingafike ngakhale theka la njira. Onaninso mlingo wanu chaka chilichonse, kapena sankhani mgwirizano wolonjeza zinthu zenizeni, monga bokosi la mtundu wakuti ndi ulendo wa makilomita akuti, m'malo mwa nambala ya makwacha.

Chotsala ndi funso limene ndalama siingayankhe: mukaikidwe kuti? Kwa ife a chikamwini, akuchimuna amafuna thupi lipite kumudzi kwa amayi ake a malemu, pamene mkazi ndi ana akufuna pafupi ndi nyumba imene anamanga limodzi. Galimoto yafika pa Mwanza, dalaivala akufunsa njira, mafoni awiri akumuuza zosiyana. Kwa Asilamu palinso chisankho chachikulu, pakuti chipembedzo chimafuna kuika msanga, ndipo ena amasankha kuikidwa ku Joni konko kusiyana ndi kudikiritsa thupi masabata. Zimenezi kambiranani ndi akazi anu kapena amuna anu, mwini mbumba ndi ankhoswe, muli bwinobwino. Kenaka lembani pa tsamba limodzi: mudzi ndi mfumu yake, dzina la kampani, nambala ya inshulansi, nambala yoimba usiku, ndi kumene pasipoti imakhala. Jambulani tsambalo pamodzi ndi pasipotiyo, mutumize kwa anthu awiri, mmodzi wa ku Joni, wina wa kumudzi.