Tsiku limene ndinapulumutsa mpando

Inde, ndine. Amene mwaona chithunzi chija pa gulu la WhatsApp la kuntchito musavutike kufunsa. Munthu womangidwa malamba pampando uja, maso atatong'oka ngati chule wopondedwa, ndine ndithu. Koma wojambulayo anayambira kumapeto, ndiye ndiloleni ndidziyankhulire musanandithere.

Mukudziwa kuti ofesi yathu ili pa nsanjika ya 14, ndipo mwezi watha anandisankha kukhala wotsogolera anthu potuluka moto ukabuka. Anandipatsa kajekete konyezimira. Sindibisa, kajeketeko kanandilowa m'mutu. Mphunzitsi anatiuza kuti belu likalira tisakwere chikepe, chifukwa magetsi akhoza kuzima tili m'katimo, komanso mpata umene chikepe chimayendamo umakoka utsi ngati chumuni. Anati zitseko za pamasitepe tizizileka zizitsekeka zokha, poti ntchito yake ndi kutchinga utsi, ndipo utsiwo ndi umene umapha anthu ambiri kuposa malawi. Zonsezi ndinalemba. Kabuku ndili nako, amene akukayika abwere adzaone.

Kenako anatsitsa pakhoma mpando wopinda uja. Kunsi kwake kuli malamba a labala amene amagwira m'mphepete mwa masitepe, moti munthu mmodzi akhoza kutsetsereka nawo pang'onopang'ono, wina atakhalapo, osamunyamula. Anatiuza kuti pa 11 September 2001 ku New York, bambo wina wolumala anatsitsidwa ndi anzake pampando wotere kuchokera pa nsanjika ya 69 ya World Trade Center, ndipo anatuluka wamoyo. Ine misozi inalengeza. Pomwepo anandiphatikiza ndi achemwali a ku maakaunti, amene amayendera njinga ya olumala, n'kundiloza ndi chala: "Bambo, belu likalira, chinthu choyamba kwa inu ndi mpando uwu."

Mawu amenewa muwasunge. Sanati chachiwiri n'chiyani.

Lachitatu belu linalira. Palibe anatiuza kuti n'zoyeserera. Mtima unachoka pachifuwa n'kukakhala kukhosi. Ndinavala kajekete chadodolido, ndinathothola mpando pakhoma, ndinauika paphewa, ndipo liwiro linayambika. Anzanga ankatsika mwadongosolo, atagwira chitsulo cha m'mbali monga tinaphunzirira, ine ndikuwadutsa ndikukuwa kuti, "Pepani, njira! Ndanyamula mpando!" Ndipo ankandipatsadi njira, mwaulemu. Wina anandigwirira chitseko. Anthu a nsanjika 14, aliyense ndi maso awiri, panalibe ngakhale mmodzi wondifunsa kuti, kodi achimwene, mwini mpandowo ali kuti? Lero onsewo ndi akatswiri.

Ndinafika woyamba pamalo osonkhanira. Ndinautsitsa mpando pansi mosamala ngati khanda, ndinautambasula, ndinaupukuta fumbi ndi mkono wa malaya. Ndinaima pambali pake manja m'chiuno, chifuwa patsogolo, ndikudikira kuti wina andiyamikire. Ndinakonzanso malamba ake kuti aoneke bwino. Ndikukumbukira kuti ndinaganiza mumtima kuti a ku New York aja anali gulu, ine ndachita ndekha. Mpando unali phee, wopanda bala ngakhale limodzi. Sunapume utsi. Sunachite mantha. Mu mbiri ya nyumba zosanja, sindikhulupirira kuti pali mpando wina umene unapulumutsidwa mwachangu chotere.

Mphunzitsi anayamba kuitana mayina. Atafika pa dzina la achemwali, kunali zii. Anaitananso. Kenako anayang'ana mpando, anayang'ana ine, anayang'ananso mpando. Nanenso ndinauyang'ana, ngati mwina achemwaliwo anabisala kunsi kwake.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "mpandowu mwabwera nawo wokha?"

Ndinati, "Uli bwinobwino."

Pamoto weniweni sabwereranso m'nyumba, zimenezo n'za ozimitsa moto. Koma poti zinali zoyeserera, mphunzitsi anati tikwere tonse awiri ndikaone pamene ndinalakwa. Chikepe chinali chisanayatsidwe. Mpando uja, umene potsika unali ngati nthenga, pokwera unasanduka thumba la simenti. Pa nsanjika ya 6 maondo anayamba kukambirana okha. Pa 9 ndinaona nyenyezi masana. Pa 12 ndinakumbukira machimo anga onse, ndi ena a abale anga.

Achemwali tinawapeza ali pamalo odikirira, kuseri kwa chitseko chotchinga moto pafupi ndi masitepe, ndendende pamene anauzidwa kuti azidikira. Anali atadina kale batani lolankhulira ndi a pansi kuwadziwitsa pamene ali, anali atatenga chikwama chawo, ndiponso anali atagwira paphewa mnyamata wosamva wa m'chipinda chosindikizira, amene anali atafulatira nyali yothwanima yochenjeza za moto, kuti atuluke. Mwachidule, ntchito yanga yonse anali ataigwira atakhala pansi.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Achimwene, ndinakuonani mukudutsa. Ndinayesa mukukautenthetsa."

Ndinafuna kuyankha, koma miyendo inayankha m'malo mwanga. Ndinakhala pansi mosafuna. Mphunzitsi, munthu wosataya mwayi, anati popeza tili ndi munthu amene sangathe kutsika yekha, anthu aonere mmene mpandowu umagwirira ntchito. Anandikhazikapo, lamba pachifuwa, lamba m'miyendo. Belu linali litasiya, chikepe chayatsidwa, ndipo achemwali anatsika nacho mwaufumu kukandidikira pansi foni ili m'manja. Ndiye mwadziwa tsopano mwini chithunzi chija.

Kunena chilungamo, mpandowo ndi wabwino. Sugwedeza, ngakhale pokhota. Ndinangotseka maso pa nsanjika zinayi zokha.

Kajekete anandilanda. Akuti ndidzakatenganso ndikabwereza maphunziro mwezi wamawa, ndipo achemwali apempha kuti nthawi ino awapatse munthu wina. Ine ndikuumirirabe kuti anati chinthu choyamba ndi mpando.