Nkhawa ya eni galimoto zatsopano za 4x4 pa kufa kwa injini

Munthu amene wagula galimoto yatsopano yoyenda m'misewu yamiyala, yamchenga ndi yamatope amakhala atalipira ndalama zambiri pofuna chinthu chimodzi, chomwe ndi kudalirika. Galimoto yotereyi imapita kutali ndi magaraja, kumene ngakhale netiweki ya foni imasowa, ndipo injini ikazima kumeneko nkhani simakhalanso ya ndalama zokonzetsera zokha, koma imakhudza moyo wa anthu amene akwera. N'chifukwa chake nkhawa imene eni galimoto zamtunduwu akhala nayo zaka zapitazi ndimaiona kuti ndi yomveka, ndipo makampani okha anavomereza kuti panalidi vuto.

Mu Meyi 2024 kampani ya Toyota inaitanitsa kwa eni ake, kuti ikazikonze, galimoto pafupifupi 102,000 ku America, za mtundu wa Tundra ndi Lexus LX za 2022 ndi 2023, zomwe zili ndi injini ya V6 ya malita 3.4 ya maturbo awiri. Chimene chinapezeka n'chakuti tizidutswa ta chitsulo totsala popala injini ku fakitale sitinatsukidwe tonse. Ambiri angadabwe kuti kanthu kakang'ono chotere kangaphe bwanji injini yamphamvu, koma tiyenera kukumbukira kuti crankshaft, chitsulo chachikulu cha m'munsi mwa injini chimene mapisitoni amachizungulitsa, siikhudza mwachindunji mabearing ake, omwe ndi tizitsulo tosalala timene imazunguliramo. Imazungulira itayandama pa oyilo wopyapyala kuposa tsitsi la munthu, ndipo kachidutswa kakalowa pamenepo, bearing imakandika, imatentha, imayamba kudyeka, kenako m'munsi mwa injini mumamveka kugogoda kumene makaniko aliyense amakuopa. Zikafika apo injini imanoka. Kampaniyo inaganiza zosintha injini yonse kwaulere m'malo mongokonza, ndipo kwa ine chimenechi chinali chisankho choyenera, chifukwa palibe amene angatsimikize kuti tizitsulo tobisika m'timipata ta oyilo tachoka tonse.

Ford Bronco ya injini ya malita 2.7 inali ndi vuto lina. Mavalavu olowetsa mpweya a injini zina anali ouma mopitirira muyezo moti ankathyoka, n'kugwera mu silinda mmene pisitoni imawaphwanya. Eni ake ndiwo anayamba kudandaula ku bungwe la NHTSA, lomwe limayang'anira chitetezo cha galimoto ku America, ndipo kafukufuku anayamba mu 2022. Pofika mu Ogasiti 2024 galimoto zoposa 90,000, kuphatikizapo mitundu ina ya injini zofanana, zinaitanitsidwa. General Motors nayonso mu Epulo 2025 inaitanitsa galimoto pafupifupi 600,000 m'dzikomo za injini ya V8 ya malita 6.2, chifukwa cha crankshaft ndi zitsulo zolumikiza mapisitoni.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa zonsezi n'chakuti mwini galimoto sanalakwe kanthu, komabe iye ndi amene amayamba kukayikiridwa. Galimoto ikafika ku garaja itapakika matope, ili ndi matayala akuluakulu, funso loyamba limakhala lakuti ankaiyendetsa kuti ndiponso motani. Funsoli lili ndi maziko ake, pakuti injini imene yameza madzi powoloka mtsinje imapinda zitsulo, fumbi lodutsa pa fyuluta yong'ambika limadya masilinda, ndipo kusintha kompyuta ya injini kuti ipereke mphamvu zambiri kungachititse kuti waranti, lonjezo la kampani lokonza galimoto kwaulere ikawonongeka, ikanidwe. Koma si chilungamo kuti vuto lochokera ku fakitale libisale kuseri kwa matope a pa bampala.

Pa chifukwa chimenechi ndimalimbikitsa aliyense amene ali ndi galimoto yotere kuti asunge malisiti onse a sevisi, osonyeza tsiku, makilomita ndi mtundu wa oyilo amene anathiridwa. Nambala ya chasisi, ya zilembo ndi manambala 17, ndi imene imauza munthu ngati galimoto yake ili m'gulu la zoitanitsidwa, ndipo ndi bwino kuifufuza kangapo chifukwa gulu lotere limatha kukulitsidwa pambuyo pake. Posintha oyilo, pemphani kuti muone oyilo wakaleyo padzuwa. Akamanyezimira ndi tizitsulo tambiri, kapena makaniko akadula fyuluta n'kupeza tizidutswa tonyezimira m'mapindo a pepala lake, jambulani chithunzi ndipo uzani a garaja kuti alembe zimenezo pa khadi la ntchito. Nyali ya oyilo ikayaka mukuyenda, kapena kugogoda kukayamba, zimitsani injini pamene paoneka pabwino kuima, chifukwa kuikakamiza kuti ifike kunyumba kumangowonjezera kuwonongeka.

Amene galimoto yake ili pa mndandanda koma injini yatsopano siinabwere ali pa mpanipani weniweni, popeza kudikira kumatha miyezi. Pa nthawi imeneyo, maulendo akutali a m'tchire ndi bwino kuwaimika kaye, kapena kuyenda ndi galimoto ina yomwe ingathe kukoka. Ndi bwinonso kufunsa ogulitsa, mochita kulemba, ngati angapereke galimoto yobwereka pamene mukudikira, komanso kuti waranti ya injini yatsopanoyo idzayambira pati ndi kuthera pa makilomita angati.